Kampani ya masetilaiti ikundifuna ndisanamalize masters: ndisaine?

Tadala_CT: Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani yofuna akuluakulu. Ena mukudziwa kuti ndili kuno ku Cape Town, chaka choyamba cha masters ya electronics, ndipo kafukufuku wanga ndi wa magetsi a timasetilaiti tating'ono tija ta CubeSat: ma solar, mabatire, ndi kabodi kogawa moto ku zipangizo zonse. Pali kampani ina konkuno yopanga zida za masetilaiti imene yati chaka chamawa chonse ndikagwire nawo, thesis ndikalembere komweko. Azindipatsa kangachepe pamwezi, ndipo akuti chomwe ndipangecho chikhoza kukwera pa setilaiti yeniyeni. Chandiimitsa mutu ndi pepala lomwe andipatsa kuti ndisaine. Likuti chilichonse chomwe ndingatulukire ndi chawo, komanso sindingasindikize kalikonse iwo asanalole. A supervisor anga angoti ndiganize bwino, basi. Inu amene munadutsamo, ndithandizeni nzeru.

Bambo a Chisomo: Tiyambire pa chenicheni. Kangachepeko ndi zingati? kkkk

Tadala_CT: Za lendi ndi chakudya zikwana achimwene. Zotumiza kumudzi ndiye ayi.

Bambo a Chisomo: Sainani mlongo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mayi Nangondo: Achemwali, musathamange. Ine ndine mphunzitsi, mwina munena kuti ndikuikira kumbuyo kwathu, komabe mundimve. Kumeneko munapitira digiri, ndipo digiriyo imatuluka pokhapokha anthu awiri kapena atatu osakudziwani atawerenga thesis yanu n'kukhutira kuti muli chanuchanu chomwe mwapeza. Kampani zimenezo ilibe nazo ntchito. Iyo ili ndi kasitomala amene akudikira katundu pa tsiku lakutilakuti. Tsikulo likamayandikira, mutu wa kafukufuku wanu amaukankhira pambali, inu n'kusanduka woyesa mabodi a anthu ena kuyambira m'mawa mpaka usiku. Ndaonapo ana anzeru akubwerako ku attachment akudziwa kugwira chida chilichonse, koma chaputala ngakhale chimodzi palibe. Ndiye ine za ndalama sindifunsa. Ndifunsa kuti ku kampaniko alipo munthu, wodziwika ndi dzina lomwe, amene wavomera kukhala woyang'anira wanu wachiwiri? Nanga funso la kafukufuku wanu lalembedwa mu mgwirizanomo?

Tadala_CT: Zonse ziwiri mulibe mayi. Angolemba kuti ndidzagwira ntchito zomwe adzandipatse mu dipatimenti ya magetsi.

Mayi Nangondo: Mwaona nanga.

Gogo wa Mawaya: Mayi Nangondo sakunama, koma ndiloleni ndiike mbali inayo, poti ine ndakalambira m'ma workshop kuno ku England.

Mdzukulu, setilaiti ili ndi zinthu zomwe sungaziphunzire utakhala pa kompyuta. Kabodi kakoko kakhoza kugwira bwinobwino pa tebulo kwa miyezi, iwe n'kumadzitama. Ndiye akakamange pa makina ogwedeza aja, otsanzira mmene roketi imanjenjemera ponyamuka. Pamenepo ndi pomwe umaona kanati kamene sunakakhwimitse kakumasuka, waya amene unamusiya lendelende akuduka pomwe unawotcherera. Akachoka apo amakalowetsa m'thanki yopopedwa mpweya wonse, n'kumakatenthetsa ndi kukaziziritsa mobwerezabwereza. Chifukwa chake n'chakuti kumwambako setilaiti ya m'munsimu imazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 90, ndipo ulendo uliwonse imalowa mu mthunzi wa dziko kwa theka la ola kapena kupitirirapo, kenaka n'kutulukiranso padzuwa. Pa tsiku zimenezi zimachitika ka 15 kapena 16. Mabatire akowo ayenera kutchajidwa ndi kutsitsidwa chomwecho tsiku ndi tsiku kwa zaka, popanda wokawasintha. Kulibe mpweya, ndiye fani ilibe ntchito. Kachipangizo kamene pa tebulo kankangofunda pang'ono, m'thankimo kamapsa. Guluu wamba ndi mapulasitiki ena amatulutsa nthunzi yomwe imakamata pa galasi la kamera. Solder (chitsulo chowotcherera mawaya) ya tin yokhayokha imamera tiubweya tachitsulo tomwe timagunditsa mawaya. Cheza chochokera kudzuwa chimatembenuza nambala mu memory, kompyuta n'kuuma gwaa, ndipo ngati sunaikemo kachipangizo koidzutsa yokha, ndiye kuti yapita.

Zonsezi m'mabuku zilimo. Koma zimalowa m'mutu tsiku lomwe chinthu chako chafera m'thankimo, mkulu wa mainjiniya ataima kumbuyo kwako akuti tafotokoza, chachitika n'chiyani. Ndipo ife polemba anthu ntchito timafunsa kuti, chomwe unapanga chinauluka? Chinayankha chili kumwambako? Wa mamakisi apamwamba amene sanayesepo kanthu timamulemba, koma timayamba naye pansi.

Mayi Nangondo: Gogo, m'magalaja a ku Ndirande aliko anyamata amene atha zaka akupatsira sipanala, injini sanaitsegulepo okha. Ma attachment ambiri ndi otero. Kukhala pafupi ndi thanki sikutanthauza kuti chomwe chili m'katimo ndi chako.

Gogo wa Mawaya: Apo ndiye tagwirizana. Usasaine za usipanala boyi. Alembe kuti kabodi kakutikakuti ndi ka Tadala, kuyambira pojambula, kugula zipangizo, kuwotcherera, mpaka mayeso onse ndi lipoti lake. Kakhale kakang'ono bwanji, bola kakhale kako kuchokera poyamba mpaka pomaliza. Ndipo upemphe kuti pa misonkhano yomwe mainjiniya amakhadzulana pa design, uzikhalamo ndi kuimirira kutsogolo. Kumeneko n'kumene kuli sukulu yeniyeni ya kampani.

Loya wa ku Joni: Ndalowa mochedwa. Achemwali, musanafike pa zonsezo, dzifunseni ngati zomwe akufuna muwasainirezo zili zanu n'komwe. Kuno ku South Africa kuli lamulo la 2008 lokhudza umwini wa zotulukiridwa pa kafukufuku wolipiridwa ndi ndalama za boma. Mwachidule, mukagwiritsa ntchito labu ya yunivesite ya boma, nthawi ya supervisor wanu, kapena bursary yochokera ku boma, umwini umagwera yunivesite, inu wotulukira n'kukhala ndi gawo pa phindu likadzapezeka. Kampani imatenga zonse pokhapokha italipira mtengo wathunthu wa kafukufukuyo. Ndiye mukhoza kusainira kampani chinthu chomwe mulibe nacho mphamvu, mawa awiriwo ayambe kulimbana, inu muli pakati, anzanu akuvala magauni.

Yunivesite yanu ili ndi ofesi ya technology transfer, yoona za umwini wa zotulukiridwa ndi migwirizano ndi makampani. Pepalalo mupite nalo kumeneko, ndi ntchito yawo ndipo salipiritsa wophunzira. Mgwirizano wabwino umakhala wa mbali zitatu: inu, yunivesite ndi kampani. Za chinsinsi musaope, njira yake ilipo kale. Oyesa thesis amasaina kuti sadzaulula, ndipo thesis imatsekeredwa chaka chimodzi kapena ziwiri isanaikidwe pa intaneti. Pa zosindikiza, mawu akuti "iwo asanalole" achoke, palembedwe masiku. Mwachitsanzo kampani ione pepala lanu m'masiku 30 kapena 60, ichotsemo zinsinsi zake, ikakhala chete ndiye kuti mwamasuka. Chilolezo chopanda tsiku chimatha kudikiritsa munthu mpaka kalekale.

Chinanso: study visa ya kuno imalola kugwira ntchito maola 20 pa sabata. Ngati ku kampaniko muzikhala tsiku lonse, zilembedwe kuti ndi gawo la maphunziro anu, ndipo ofesi yoona za ophunzira akunja ikupatseni kalata.

Tadala_CT: Eee, za visa sindinaziganizireko. Zikomo kwambiri a loya.

Bambo a Chisomo: Ine ndabweza mawu anga, musasaine kaye kkkk. Safunsa anadya phula.

Mlimi wa ku Mitundu: Pepani ndikudukizeni ophunzira inu. Ine ndimangowerenga pagulu pano koma lero zandivuta. Kuno thumba la feteleza lakwera moti munthu ukagulitsa mbuzi sukwanitsa, magetsi akuzimazima, ndiye mwana wathu wanzeru chonchi akukaphunzira kupanga zouluka kumwamba. Akamaliza adzabwera kudzatani kuno? Kapena tingovomereza kuti tikuphunzitsira azungu antchito?

Ba Tembo Chipata: A Mlimi, funso lanu ndi labwino ndipo ndiliyankha ndi nkhani ya kwanu komweko. Mu nyengo ya 2015/16 boma la Malawi linagula inshuwalansi ya chilala ku African Risk Capacity, bungwe la African Union. Inshuwalansi imeneyi satumiza munthu kukayendera minda. Amatenga kuchuluka kwa mvula monga momwe masetilaiti aonera, n'kulowetsa mu pulogalamu ya pa kompyuta yomwe imawerengera kuti chimanga chapeza madzi okwanira kapena ayi. Chaka chimenecho chilala chinavuta, boma linalengeza za ngozi mu Epulo 2016, anthu oposa 6 miliyoni anafunika thandizo la chakudya. Koma pulogalamu ija inati ovutika ndi ochepa kwambiri, ndalama isatuluke. Atafufuza, mothandizidwa ndi akatswiri a ku Bunda, anapeza kuti mu pulogalamumo munalembedwa chimanga chocha pa masiku 120 mpaka 140, pomwe alimi ambiri anabzala chocha msanga, cha masiku 90. Ng'amba inagwa nthawi yomwe chimanga chocha msangacho chinkafuna madzi kwambiri. Atakonza nambala imeneyo, ndalama zinatuluka, madola 8.1 miliyoni, koma zinafika mu Januwale 2017, njala itapweteka kale anthu.

Setilaiti sinalakwe. Panasowa munthu wodziwa zonse ziwiri, pulogalamuyo ndi munda, woti akanagwira cholakwikacho asanasaine. Anthu oterowo sagwa kumwamba, amaphunzitsidwa.

Mlimi wa ku Mitundu: Nkhaniyo ndinaimva pa wailesi koma za masiku 90 sindinkazidziwa. Komabe ba Tembo, amene mukunenayo ndi wowerenga zithunzi. Mlongo wathuyu akupanga mabatire.

Ba Tembo Chipata: Mwandigwira, ndipo kunena zoona ine ndikanakhala wogawa ma scholarship, 8 mwa 10 ndikanapereka kwa owerenga zithunzi. Zithunzi zilipo kale zaulere. Setilaiti ya Sentinel-2 ya ku Ulaya imajambula malo amodzimodzi masiku 5 aliwonse, kadontho kamodzi pa chithunzi ndi mamita 10. Sentinel-1 imagwiritsa ntchito radar, imaona ngakhale kuli mitambo kapena usiku, n'chifukwa chake pa madzi osefukira ngati a namondwe Freddy mu 2023 ku Nsanje ndi Chikwawa ndi imene imathandiza. Landsat ili ndi zithunzi kuyambira 1972, zaulere kuyambira 2008. Ntchito ili mbweee, ogwira ndi ochepa. Koma awiri otsalawo ndikanapereka kwa anthu ngati Tadala, chifukwa tsiku lina boma lidzafuna kugula setilaiti kapena siteshoni yake, ndipo pa tebulopo padzafunika wathu wodziwa kufunsa wogulitsa kuti mabatirewa munawayesa bwanji.

Gogo wa Mawaya: A Mlimi, pa zophunzitsira azungu antchito, ndikuuzeni nkhani yomwe ndimaikonda. Ku yunivesite ya Surrey, ku Guildford, Martin Sweeting ndi anzake anapanga kasetilaiti kotchedwa UoSAT-1 komwe kanauluka mu 1981. Mu 1985 anatsegula kampani yochokera mu yunivesite momwemo, Surrey Satellite Technology. Malonda awo ena anali akuti dziko likagula setilaiti, litumizenso achinyamata ake adzaipange nawo limodzi. South Korea inatumiza ophunzira a ku yunivesite ya KAIST. Anapanga KITSAT-1, inauluka mu 1992. Atabwerera kwawo sanawamwaze m'maofesi. Chaka chotsatira, 1993, anaulutsa KITSAT-2 yopangidwira ku Korea konko. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ena mwa iwo anatsegula kampani yawo, Satrec Initiative. Ndiye taonani: United Arab Emirates itafuna kuyamba, inatumiza achinyamata ake kwa aku Korea omwewo. DubaiSat-1 inauluka mu 2009, KhalifaSat mu 2018 itamangidwa ndi mainjiniya a ku Emirates, ndipo mu Febuluwale 2021 chombo chawo cha Hope chinafika ku Mars, atachipanga mothandizana ndi yunivesite ya Colorado ku Boulder. Ophunzira a ophunzira.

Nigeria nayo inadzera ku Guildford komweko. NigeriaSat-1 mu 2003, kenaka NigeriaSat-X mu 2011 yomwe inamangidwa ndi manja a mainjiniya a ku Nigeria ali pa maphunziro.

Mayi Nangondo: Nkhani yokoma gogo, koma mwadumpha msanga pamene pali fupa. Aku Korea aja atabwerera anapeza labu, ndalama, ndi setilaiti yachiwiri ikuwadikira. Chinawasunga ndi chimenecho. Maphunziro a ku Surrey anali amodzimodzi kwa onse amene anapitako, koma si onse anafika pomwe Korea inafika. Munthu wophunzira kumanga setilaiti akabwerera n'kupatsidwa desiki ndi mafailo, pakatha zaka zitatu luso lija lazilala kapena mwini wake wakwera ndege. Ndiye tikamakamba za mgwirizano wa yunivesite ndi kampani, tisamangoyang'ana chaka chomwe mwana ali ku workshop. Tiziyang'ana chaka chotsatiracho.

Gogo wa Mawaya: Sindikutsutsa. Ndipo chitsanzo chili pakhomo pomwe pa Tadala. SUNSAT, setilaiti yoyamba ya South Africa, inamangidwa ndi ophunzira a masters ndi PhD ku yunivesite ya Stellenbosch, inauluka mu Febuluwale 1999 kuchokera ku Vandenberg ku America. Anthu omwewo anatsegula SunSpace, imene inamanga SumbandilaSat ya mu 2009. Kenaka maoda a boma anauma, kampani inavutika ndalama, antchito ake anakalowa ku Denel, kampani ya boma yopanga zida za nkhondo. Ukanaona nthawi imeneyo ukanati zonse zathera pomwepo. Koma lero ukazungulira Stellenbosch ndi Somerset West upeza CubeSpace, Dragonfly Aerospace, Simera Sense, NewSpace Systems, akugulitsa makamera, timawilo towongolera setilaiti ndi masensa ku mayiko akunja. Ambiri mwa akuluakulu a m'makampani amenewa anadzera mu mzere womwewo wa SUNSAT. Kampani inagwa, anthu anatsala, ndipo anapeza makasitomala kunja m'malo modikira boma.

Tadala_CT: Zoona gogo, kuno ukafunsa injiniya wachikulire aliyense kuti munayambira kuti, yankho limazungulira pomwepo. Ndipo ku yunivesite ya CPUT ku Bellville nakonso ophunzira anamanga ZACUBE-1 ya mu 2013, ZACUBE-2 ya mu 2018, kenaka zitatu za MDASat-1 zomwe zinakwera roketi ya SpaceX mu Januwale 2022, zomvetsera ma siginolo a sitima zapamadzi m'mbali mwa nyanja ya South Africa.

Mwana wa Mbare: Moni kwa onse kuchokera ku Harare. Makolo anga anachokera ku Dedza, Chichewa changa mukhululuke. Kuno tinaona njira ina, ya ku Japan. Ku Kyushu Institute of Technology, mumzinda wa Kitakyushu, kuli pulogalamu yotchedwa BIRDS. Amatenga ophunzira a m'mayiko omwe sanaulutsepo setilaiti, ndipo m'zaka ziwiri za masters gululo limajambula, kumanga, kuyesa, kuulutsa ndi kuyendetsa kasetilaiti ka masentimita 10 mbali zonse. GhanaSat-1 ya mu 2017 inachokera kumeneko. Yathu ZIMSAT-1 ndi ya Uganda, PearlAfricaSat-1, zinanyamuka mu Novembala 2022 kupita ku International Space Station, n'kuponyedwa kunja mu Disembala. Ubwino wake ndi womwe gogo akunena, wophunzira amagwira chilichonse, ndipo makina oyesera ali pa sukulu pomwepo. Palibe kampani yokubisira kanthu, mpaka ma design a BIRDS anawaika poyera kuti aliyense atengere.

Koma mawu a mayi Nangondo andikhudza. Kasetilaiti koponyedwa kuchokera pa siteshoni ija kamakhala pa mtunda wa makilomita 400 okha, mpweya wochepa womwe ulipo umakakoka pang'onopang'ono, pakatha miyezi ingapo, chaka kapena ziwiri kapsa. Tsiku loulutsa nduna zimavina, ma TV amaonetsa. Kakagwa palibe amalengeza. Chotsala ndi anthu aja basi, ndiye funso ndi lakuti apatsidwa chiyani choti amange.

Ba Tembo Chipata: Ife a ku Zambia tisamalankhule mokweza, tinayamba kale mu 1964 ndi a Edward Mukuka Nkoloso, amene ankagubuduza achinyamata m'migolo kuti azolowere ulendo wa ku mwezi kkkk. Apprenticeship yoyamba ya zamlengalenga mu Africa muno.

Bambo a Chisomo: Ndipo analibe pepala loletsa kusindikiza 😂

Ba Tembo Chipata: Koma pa zenizeni, Botswana yachita mwanzeru. BOTSAT-1 inauluka mu Malichi 2025. Mainjiniya a yunivesite ya BIUST ku Palapye anakagwira limodzi ndi kampani ya EnduroSat ku Bulgaria, ndipo siteshoni yolandirira zithunzi ili pa yunivesite pomwepo. Ndiye obwerera ali ndi pofikira, ndipo ana a chaka choyamba akuona eriyo ikutembenuka pa sukulu pawo.

Wongani_Poly: Akuluakulu, ine ndili chaka chomaliza ku MUBAS, telecoms. Ndakhala chete kuwerenga. Maloto anga ndi NASA kapena SpaceX. Ndiyambire pati?

Gogo wa Mawaya: Mdzukulu, ndikuuze mosabisa kuti usataye nthawi. Ma internship a NASA amafuna nzika za America, kupatula ochepa ochokera m'mayiko omwe ali ndi mgwirizano wapadera. Makampani a maroketi kumeneko amamangidwa ndi malamulo otchedwa ITAR, omwe amaika luso la roketi m'gulu limodzi ndi zida za nkhondo. Kungoonetsa mlendo chojambula cha injini, ngakhale ali mu ofesi mwanu momwemo, amakuwerengera ngati watumiza kunja. N'chifukwa chake wophunzira wakunja amatha kukhoza bwino kalasi lonse, nthawi ya attachment anzake n'kupita, iye n'kutsala. European Space Agency nayo pulogalamu yake ya omaliza maphunziro ndi ya nzika za mayiko ake. Kuno ku UK maphunziro ena a masters ndi PhD a mtundu umenewu amafuna kaye chikalata cha ATAS usanapemphe visa, ndipo chimatenga masabata, ndiye upemphe msanga.

Makomo otseguka alipo. Ku Kyushu komwe wanena Mwana wa Mbare kuli scholarship ya United Nations ndi boma la Japan ya ophunzira a mayiko osauka, malo ake ndi owerengeka pa chaka koma ndi anu amenewo. Ku France kuli CIFRE, kuyambira 1981: kampani imakulemba ntchito zaka zitatu, ukuchita PhD, labu ya yunivesite ikukuyang'anira, boma likuthandiza kampaniyo kukulipira, ndipo sayang'ana pasipoti, ngakhale ntchito zina zokhudza chitetezo amakaniza alendo. Mzinda wa Toulouse ndiye likulu la zamlengalenga kumeneko, koma Chifalansa uchidziwe. Kuno kuli EngD, digiri ya uinjiniya yofanana ndi PhD, ya zaka zinayi, nthawi yambiri umathera ku kampani. Ku Nigeria, ku Ile-Ife, kuli likulu la maphunziro a zamlengalenga logwirizana ndi United Nations la mayiko olankhula Chingerezi. Ndipo South Africa ili pafupi, basi imakafika.

Loya wa ku Joni: Pa South Africa ndiwonjezere. Ophunzira a m'mayiko a SADC salipiritsidwa fizi ya alendo akutali m'mayunivesite ambiri a boma, zimenezo n'zabwino. Koma ma bursary a NRF, bungwe la boma lothandiza kafukufuku, pafupifupi onse amapita kwa nzika ndi okhazikika, alendo amagawana 5 pa 100 iliyonse. N'chifukwa chake kangachepe ka kampani komwe tinaseka poyamba kaja si nkhani yaing'ono kwa mwana wochokera kwathu.

Mayi Nangondo: Zindikirani kuti CIFRE ndi EngD zomwe gogo atchulazo zonse ndi za mbali zitatu, zolembedwa, woyang'anira mbali iyi ndi mbali iyo. Anzathu anaona kalekale kuti kungomutaya mwana ku kampani n'kumuuza kuti udzabwere ndi thesis sizigwira.

Wongani, iwe usadikire scholarship kuti uyambe. Olemba makalata ofunsira malo onse amati ndimakonda zamlengalenga kuyambira ndili mwana. Wosankha watopa nazo. Ukalemba kuti ndinamanga eriyo ndekha, ndinamva setilaiti ikudutsa, nayi data yake, kalata yako amaiika pambali.

Wongani_Poly: Eriyo yomva setilaiti ndingaimange ndi chiyani mayi? Si za mamiliyoni zimenezo?

Mwana wa Mbare: Ayi m'bale. Pali kachipangizo kotchedwa RTL-SDR, kooneka ngati flash, kamalowa pa USB, mtengo wake madola 30 kapena 40. Eriyo umapanga ndi timapaipi ta aluminiyamu kapena waya wokhuthala pa thabwa. Timasetilaiti tambiri ta mayunivesite timalankhula pa 145 MHz ndi pa 435 mpaka 438 MHz. International Space Station imamveka pa 145.800, nthawi zina amatumiza ndi zithunzi zomwe. Mapulogalamu aulere amakuuza nthawi yomwe idutse pamwamba pako, ndipo umakhala ndi mphindi 10 zokha isanalowe kuseri. Ukafuna kupita patsogolo, pali SatNOGS, gulu la masiteshoni a anthu wamba padziko lonse. Ukalumikiza yako pa intaneti, eni masetilaiti a ku mayiko ena amalandira data kudzera pa denga lako. Ukayang'ana mapu awo, Ulaya yadzaza madontho, kuno kwathu ndi apo ndi apo.

Gogo wa Mawaya: Ndipo pamenepo uphunzira Doppler ndi manja, frequency ikutsetsereka setilaiti ikamabwera ndi kupita pa liwiro la makilomita 7 ndi theka pa sekondi. Ungoyamba ndi kumvetsera. Kutumiza siginolo kumafuna laisensi ya MACRA, usaseweretse.

Tadala_CT: Ndabwerako ku ofesi ija a loya ananena. Mayi wa kumeneko atangoona ndime ya umwini wapukusa mutu, akuti ndisasaine, alemberana okha ndi kampani, ndipo ali ndi fomu yawo ya mbali zitatu. A supervisor nawo atamva kuti ofesi yalowapo amasuka, ayamba kulankhula. Akuti nkhawa yawo ndi yomwe ananena mayi Nangondo, anatayapo wophunzira mwa njira yomweyo. Ndaimbiranso injiniya wa ku kampani uja. Kukhala woyang'anira wachiwiri wavomera. Koma pa kabodi akuti sangandipatse konse, chifukwa kasitomala sangalole kuti magetsi a setilaiti yake akhale m'manja mwa wophunzira. Akuti andipatsa gawo lotchaja mabatire lokha, ndipo likakhoza mayeso lidzakwera ngati lapadera loyeserera, osati lodalirika.

Gogo wa Mawaya: Tenga. Munthu ameneyo wakuuza zoona, ndipo amene akanakulonjeza bodi yonse ndi amene ndikanamukayikira. Kukwera ngati choyeserera n'kumene chida chilichonse chatsopano chimayambira. Ungoonetsetsa kuti data yochokera kumwamba ya gawo lakolo udzaloledwa kuiona ndi kuilemba.

Mayi Nangondo: Ine mtima sunakhazikikebe. Maroketi amachedwa, chaka chimatha akungosuntha tsiku. Thesis isadalire kuuluka. Ithere pa mayeso a pansi, zakumwambazo zidzakhale pepala lapadera zikadzabwera. Mukamangirira graduation ku tsiku la roketi mudzakalamba pa sukulu.

Gogo wa Mawaya: Apo mayi mwandiposa.

Mlimi wa ku Mitundu: Ine funso langa lija silinayankhidwe bwinobwino, loti adzabwera kudzatani. Koma ndamvako za chimanga cha masiku 90, zimenezo ndikawauza anzanga ku kalabu.

Tadala_CT: A Mlimi, sindikunamizani kuti ndikamaliza ndidzakwera basi tsiku lomwelo. Mwina ndidzayamba ndagwira kuno. Koma ma solar, mabatire ndi kabodi kotchaja kosafuna munthu wokakonza kwa zaka zisanu, ndi zomwezo zimafunika pa mjigo wa solar kapena pa chipatala cha kumudzi.

Mayi Nangondo: Wongani, zija za eriyo ndazitenga. Ine denga ndili nalo pa dipatimenti, ndi ana a chaka chachitatu ofuna project. Chosowa ndi ka RTL-SDR ndi kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi. Alipo akubwera kuchokera ku Joni mwezi uno?

Loya wa ku Joni: Ndikubwera ku ukwati kumapeto kwa mwezi. Nditumizireni dzina lenileni la zinthuzo ku inbox, ine za mawaya sindizidziwa, ndingakugulireni chotsegulira geti.

Wongani_Poly: Ine ndidzabwera kudzamanga nawo mayi, ngakhale si sukulu yathu. Magetsi akazima pakati pa kudutsa kwa setilaiti tidzatani?

Bambo a Chisomo: Funsani Tadala, si ndiye wa mabatire?